Thupi Likayamba Kudandaula Limayambira Pakhungu, M'maso ndi Pakhosi

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala tinali ndi sikelo ya ana pansi pa mtengo wa mango, monga timachitira mwezi ndi mwezi. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma mayi wina anafika atadzikulunga mpango mpaka kuphimba mbali imodzi ya nkhope. Sanakhale pamkeka pamodzi ndi anzake. Anadikira chapatali mpaka titamaliza kuyeza ana onse, ndipo anayandikira pamene tinkamanga katundu panjinga.

"Adokotala, ndimati mundionereko apa," anatero motsitsa mawu. Kumudzi amatiitana choncho ngakhale kuti ife si madokotala ayi, ndife alangizi a zaumoyo chabe.

Atamasula mpango tinaona matuza atayala pachipumi mbali ya kumanzere kokha, kutsika mpaka kunsonga ya mphuno. Chikope chinali chitatupa moti diso silimatseguka. Pamatuzapo anali atapakapo phulusa losakaniza ndi mafuta ophikira.

"Mayi, zinayamba liti zimenezi?"

"Patha sabata ndi masiku awiri."

"Nanga kuchipatala simunapite bwanji?"

"Anthu akandiona anena kuti ndili nako."

Anali mashingozi. Tinawalembera kalata yopita nayo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kumeneko anavomera kuyezetsa magazi. Anapezeka ndi kachirombo ka HIV, anayamba ma ARV, ndipo lero ndi munthu wamphamvu amene amalima dimba lake yekha. Koma diso lija limaona mwa chimbuuzi mpaka pano, chifukwa matuza anali atawononga kale mkati pamasiku amene anabisala m'nyumba.

M'chaka chomwecho tinakumana ndi agogo ena aamuna a zaka zopitirira 70 amene anatuluka mashingozi m'nthiti. Apabanja pawo anayamba kuwapatulira mbale ndi kapu, ndipo adzukulu anawaletsa kulowa m'nyumba mwawo. Agogowa atayezetsa, kawiri konse, sanapezeke ndi kachirombo. Ukalamba wokha ndi umene unafooketsa chitetezo chawo. Ndipo ngakhale akanapezeka nako, mbale ndi kapu sizipatsira munthu HIV.

Nkhani ziwirizi ndi zimene zatichititsa kulemba. Matenda a pakhungu, m'maso ndi pakhosi amagwira aliyense, amene ali ndi kachirombo ndi amene alibe. Palibe munthu, ngakhale dokotala wamkulu, amene angadziwe ndi maso kuti wina ali ndi HIV. Komabe ndi m'malo atatu amenewa mmene thupi limayambira kusonyeza kuti chitetezo chatsika, nthawi zambiri munthu akadali ndi mphamvu zake, akulima ndi kupita kumsika. Amene wamva msanga amapulumutsa zambiri.

Kodi chitetezo cha m'thupi n'chiyani?

Mawu akuti chitetezo cha m'thupi timawamva pawailesi, kutchalitchi ngakhale kumaliro, koma tikafunsa pamisonkhano kuti chitetezocho chimakhala pati, ambiri amangoti m'magazi. N'zoona, koma sichiyambira m'magazi.

Ganizirani za mudzi umene ukuvutika ndi akuba. Choyamba anthu amamanga mpanda. Mpanda wa thupi ndi khungu. Khungu lopanda bala tizirombo tambiri sitingaliboole. Pamene pali makomo, monga m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa, thupi linaikapo alonda ake. Misozi ndi malovu zimatsuka fumbi ndiponso zili ndi mphamvu yopha mabakiteriya ena. Mamina amakola tizirombo ngati ulimbo. Kuyetsemula ndi kutsokomola ndi njira yotulutsira zimene zalowa. Komanso pakhungu ndi m'kamwa mwa munthu aliyense mumakhala tizirombo tosavulaza, timene timadzaza malo kuti toipa tisapeze pokhala. N'chifukwa chake munthu amene wamwa makapisozi nthawi yaitali popanda chifukwa amatha kutuluka zoyera m'kamwa: wapha alonda ake omwe.

Wakuba akalumpha mpanda amakumana ndi asilikali. Awa ndi maselo oyera a m'magazi, amene amapangidwa m'mafuta a mkati mwa mafupa. Ena ntchito yawo ndi kumeza tizirombo pomwepo. Mafinya amene timaona pachilonda, mbali yaikulu ndi asilikali amene afera pankhondo pamodzi ndi adani awo. Ena amapanga zida zogwirizana ndi mdani mmodzi yekha, ndipo amamukumbukira kwa zaka zambiri. Katemera amagwira ntchito motero: amaonetsa asilikali nkhope ya mdani, monga chikuku, mdaniyo asanabwere. Mwanabere amene amatupa m'mphechepeche tikavulala kuphazi, kapena m'khosi tikadwala zilonda zapakhosi, ndi malo amene asilikaliwa amasonkhanirana. Kutupa kwake kumasonyeza kuti nkhondo ili mkati.

Pakati pa asilikali onsewa pali gulu lotchedwa CD4. Ntchito yawo yaikulu si kumenya ayi. Iwo ali ngati munthu uja amakuwa usiku kuti "Wakuba! Wakuba!" n'kuuza anthu kolowera. Akakuwa, magulu ena onse amadzuka. Tsoka lake n'lakuti kachirombo ka HIV kamalowa m'maselo amenewa, n'kuwasandutsa malo oswerana, kenako n'kuwawononga. Asilikali ena amakhala alipo, koma palibe wowadzutsa.

Munthu wathanzi amakhala ndi maselo a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi kamene amayeza kuchipatala. Kachirombo kakalowa, ngati munthu sakumwa mankhwala, nambalayi imatsika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri iye osamva kanthu. Ikafika pansi pa 200, matenda ongopezerapo mwayi amayamba kubwera motsatizana. Pansi pa 50, ngakhale tizirombo timene munthu wakhala nato mwamtendere kuyambira ali mwana timayamba kumuukira.

Koma tisaiwale agogo aja. HIV si chinthu chokhacho chofooketsa chitetezo. Kunyentchera chifukwa chosowa zakudya, matenda a shuga, ukalamba, kumwa mowa mwauchidakwa, mankhwala a khansa, ndiponso mapiritsi onga prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, zonsezi zimatsitsa chitetezo. Mwana amene wangodwala chikuku amakhalanso wofooka kwa nthawi ndithu. Choncho tikamaona matenda amene tikambe m'munsimu, funso lathu lisakhale lakuti "kodi ameneyu anayenda ndi ndani?" Funso lothandiza ndi ili: kodi matendawa akubwerezabwereza? Akufalikira kwambiri kuposa mmene amachitira mwa anthu ena? Akukana mankhwala amene amachiza anzathu?

Pakhungu

Tiyambe ndi mashingozi omwe aja, popeza ndi amene anthu amawaopa ndi kuwabisa kwambiri. Mashingozi sachokera kwa munthu wina, ndipo si zolodzedwa. Amayamba ndi kachirombo komwe kaja kamayambitsa katsabola, amene ena amati nthomba, tili ana. Katsabola akatha, kachiromboko sikachoka m'thupi. Kamakabisala m'mitsempha pafupi ndi msana n'kugona zaka makumi, asilikali akukalondera. Chitetezo chikatsika kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi mpaka pakhungu. N'chifukwa chake matuza ake amakhala mbali imodzi ya thupi, atandanda ngati lamba, osadumpha pakati pa msana kapena pachifuwa. Kawirikawiri munthu amayamba wamva kuotcha kapena kubaya pamalopo kwa masiku awiri kapena atatu matuza asanatuluke.

Tamvapo ena akuti lambayo akazungulira thupi n'kukumana, munthu amafa. Zimenezi si zoona, koma mantha ake amathamangitsira anthu kwa asing'anga kukatemera mphini m'mbali mwa matuza, ndipo mphinizo zimangotsegulira khomo mabakiteriya. Chimene chili choona ndi chakuti mankhwala a mashingozi, otchedwa aciclovir, amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyambirira matuza atatuluka. Masiku atatu okha basi. Amene wadikira sabata kuti aone ngati phulusa ligwire ntchito wataya mwayi umenewu. Matuza amauma okha pakatha masabata awiri kapena anayi, koma ululu umatha kutsala miyezi yambiri, moti ena amalephera ngakhale kuvala malaya. Ululu umenewu ulinso ndi mankhwala ake, musangopirira.

Pamene matuza ali osauma, asambitseni ndi madzi oyera ndi sopo, aphimbeni ndi kansalu kochapa bwino, ndipo musayandikane ndi mayi woyembekezera kapena khanda, chifukwa madzi a m'matuzamo angapatse katsabola munthu amene sanadwalepo. Akatuluka pachipumi, pachikope kapena pamphuno, imeneyo ndi ngozi ya diso: pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale pa ngongole ya kabaza. Ndipo munthu wachinyamata kapena wa zaka zapakati akadwala mashingozi, ife timamulangiza mosabisa kuti akayezetse. Kwa anthu ambiri chimenechi ndicho chizindikiro choyamba, ndipo chimabwera chitetezo chisanatsike kwambiri.

Mphere ndi nkhani ina. Imeneyi ilibe tsankho, imalowa m'nyumba ya mphunzitsi ndi ya mlimi chimodzimodzi, makamaka kumene anthu amagona mothithikana monga m'masukulu ogonera komweko ndi m'ndende. Imayamba ndi kachirombo konga nthata, kosaoneka bwino ndi maso, kamene kamakumba tinjira pansi pa khungu n'kuikiramo mazira. Kuyabwa kwake kumakula usiku, ndipo tinsungu timakonda pakati pa zala, m'mikono pafupi ndi dzanja, m'chiuno, m'matako ndi kumaliseche. Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri ndi kupaka mankhwala mwana mmodzi yekha amene akukanda. Munthu amatha kukhala ndi tiziromboti kwa mwezi wathunthu asanayambe kumva kuyabwa, choncho onse a m'nyumbamo ayenera kupaka tsiku limodzi, okanda ndi osakanda omwe. Mankhwala amadzi a benzyl benzoate amapakidwa thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuzala zakumapazi, osati pamene pakuyabwa pokha, ndipo a ana aang'ono amasungunulidwa monga achipatala angakuuzeni. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Zimene sizingachapidwe zimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa sabata, popeza tiziromboti sitikhalitsa moyo tikachoka pathupi pa munthu. Kuyabwa kumapitirira masabata angapo ngakhale tizirombo titafa, musadabwe. Mwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, mphere imatha kusintha maonekedwe: khungu limachita nkhanambo zokhuthala zotuwa m'manja ndi m'zigongono, mwina osayabwa n'komwe, koma muli tizirombo tochuluka zedi. Wotereyu amafunika thandizo la kuchipatala mwachangu, ndiponso ndiye amapatsira nyumba yonse mobwerezabwereza.

Zipere pamutu pa mwana wa sukulu si zachilendo, ndipo sizisonyeza kanthu za HIV. Zimafala pobwerekana zipeso, zipewa ndi makina ometera osatsuka. Za pamutu sizimva mankhwala opaka okha, zimafuna mapiritsi omwa kwa masabata angapo. Koma munthu wamkulu akachita zipere zikuluzikulu zoyala thupi lonse, kapena zikhadabo zambiri zikayamba kufumbwa n'kuyera nthawi imodzi, pamenepo tiyenera kufunsa za chitetezo. N'chimodzimodzinso zithupsa: chimodzi pachaka aliyense amadwala, koma zikamatuluka china chikangopola china, kayezetseni shuga ndi HIV. Chithupsa chiikeni kansalu konyika m'madzi ofunda kuti chipse chokha. Cha pamphuno kapena pamlomo wam'mwamba musachifinye.

Pano tidandauleko pang'ono. M'misika mwadzaza timachubu ta mafuta amene anthu amagula kuti ayeretse khungu kapena aletse kuyabwa. Ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala amphamvu onga betamethasone kapena clobetasol, amene ntchito yake ndi kugoneka asilikali a pakhungu. Kuyabwa kumaleka masiku awiri, munthu n'kumayamikira wogulitsa, pamene zipere zikukula mwakachetechete. Akamafika kwa ife khungu limakhala litapyapyala, ndipo matenda ake osazindikirikanso.

Pali zinthu ziwiri zapakhungu zimene sitifuna kuti munthu agone nazo m'nyumba. Choyamba ndi mabanga akuda kapena ofiirira moderako, olimba pang'ono, osayabwa ndi osapweteka, amene amakonda kutuluka m'miyendo, pamphuno kapena kumwamba kwa m'kamwa, nthawi zina mwendo n'kutupa n'kuuma ngati mtengo. Imeneyi ikhoza kukhala khansa yotchedwa Kaposi sarcoma, dzina lochokera kwa dokotala Moritz Kaposi amene anaifotokoza m'chaka cha 1872, HIV isanadziwike n'komwe. Ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa amuna m'Malawi. Popeza sipweteka poyamba, anthu amaichedwetsa, chonsecho ikapezeka msanga ma ARV amatha kuibweza, ndipo ikakula pamawonjezeredwa mankhwala a khansa. Chachiwiri ndi nsungu zotuluka munthu atangoyamba mankhwala atsopano, monga bakitilimu kapena mankhwala ena a khunyu. Ngati nsunguzo zabwera ndi kutentha thupi, maso kufiira, milomo kusupuka kapena khungu kuchita matuza ngati wapsa ndi moto, siyani kumwa mankhwala atsopanowo ndipo thamangirani kuchipatala mutatenga mankhwala onse amene mukumwa. Zotere zimapha.

M'maso

Ambiri tikukumbuka matenda a maso ofiira amene anabuka m'chaka cha 2024, kuyambira ku Karonga n'kufalikira m'maboma ena. Maso amafiira, amatuluka misozi, amamveka ngati muli mchenga, ndipo m'mawa zikope zimamatana ndi manthongo. Matenda otere kawirikawiri amayamba ndi mavairasi, amafala kudzera m'manja, m'mipango ndi m'mabeseni osambira, ndipo amatha okha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Chofunika ndi kusamba m'manja ndi sopo, kupukuta diso ndi kansalu koyera konyika m'madzi owiritsa ozizira, ndi kusabwerekana chopukutira kumaso.

Chimene chinatidetsa nkhawa nthawi imeneyo si matendawo ayi, koma zimene anthu ankathira m'maso. Tinamva za mkodzo, madzi a shuga, madzi a mandimu, mkaka wa m'mawere ndi masamba ofinya. Diso si chilonda cha kuphazi. Mkodzo wa munthu amene ali ndi chinzonono ungaboole diso m'masiku ochepa. Masamba ofinya amalowetsa mafangasi amene ndi ovuta kwambiri kuchiza. Ngakhale mankhwala odonthezera m'maso ogula popanda kuonana ndi achipatala ndi oopsa, chifukwa ena ali ndi dexamethasone, amene amakulitsa chilonda ngati chilipo pa mbali yakuda ya diso.

Nanga diso lofiira loopsa tingalidziwe bwanji? Ngati likupweteka mkati osati kungonyerenyesa, ngati munthu akulephera kuyang'ana kuwala, ngati kuona kwachepa, kapena ngati pa mbali yakuda paoneka kadontho koyera, limenelo si lodikira. Khanda la masiku ochepa likatupa zikope n'kumatuluka mafinya ambiri, lipite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mayi ndi bambo ake onse alandire mankhwala, chifukwa kawirikawiri gwero lake ndi matenda opatsirana pogonana.

Matenda a maso si osagonjetseka. Agogo athu ambiri anachita khungu ndi trachoma, matenda amene amapinda nsidze za m'zikope kuti zizikanda diso. Chifukwa cha kugawa mankhwala m'midzi, maopaleshoni a zikope, kusambitsa ana kumaso ndi kumanga zimbudzi, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza m'chaka cha 2022 kuti trachoma si vutonso lalikulu la umoyo m'Malawi.

Kwa anzathu amene ali ndi kachirombo pali zinthu ziwiri zoonjezera. China ndi kanyama koyera kapena kotuwa kamene kamamera pa mbali yoyera ya diso, kawirikawiri m'malire ndi mbali yakuda, n'kumakula mwezi ndi mwezi. Anthu amangoti ndi ng'ala, koma kakhoza kukhala khansa ya pamwamba pa diso, imene imapezeka kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV kuno ku Africa. Kakadali kakang'ono madokotala a maso amakachotsa ndi opaleshoni yaing'ono, diso n'kutsala bwinobwino. Kakakula amachotsa diso lonse. China ndi matenda a mkati mwa diso oyamba ndi kachirombo kotchedwa CMV, amene amagwira anthu amene CD4 yawo yatsika pansi pa 50. Diso silifiira, silipweteka. Munthu amangoona timadontho takuda tikuyandama ngati ntchentche, kapena kung'anima, kapena mbali ina ya zimene akuyang'ana itada. Pamene pawonongeka sipabwereranso, choncho zizindikiro zimenezi zinenedwe kukiliniki ya ma ARV msanga, osadikira tsiku lokatenga mankhwala.

M'kamwa ndi pakhosi

Zilonda zapakhosi zambiri zimabwera ndi chimfine ndipo zimatha zokha. Madzi ofunda a mchere ovumata mpaka kukhosi, zakumwa zambiri ndi panado n'zokwanira. Makapisozi awiri ogula pagolosale sachiza chimfine, amangophunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala. Koma mwana wa zaka 5 mpaka 15 akamva kupweteka kwambiri pakhosi, thupi litatentha, mwanabere wa m'khosi atatupa, kukhosi kukuoneka mafinya, koma osatsokomola kapena kutuluka mamina, ameneyo apite kuchipatala. Zikhoza kukhala kuti ndi mabakiteriya amene akapanda kuchizidwa amasokoneza asilikali a m'thupi mpaka kuyamba kumenya mtima wa mwanayo. Ana ambiri amene amadwala mtima m'dziko muno anayambira pa zilonda zapakhosi zimene zinaoneka zazing'ono. Mankhwala ake ndi penicillin wamba, jekeseni imodzi kapena mapiritsi a masiku 10, ndipo amalizidwe onse ngakhale mwana atayamba kusewera tsiku lachitatu.

Tsopano za zoyera m'kamwa. Zimenezi zimaoneka ngati chambiko chomatirira palilime, m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa, ndipo mukazipala ndi kansalu pamatsala pofiira. Zimayamba ndi fangasi yotchedwa Candida imene imakhala m'kamwa mwa anthu ambiri osavulaza. Mwa khanda la masabata ochepa si zachilendo. Koma mwa munthu wamkulu amene sanamwe makapisozi posachedwa, alibe shuga, ndiponso sagwiritsa ntchito mankhwala opopera a mphumu, zoyerazi ndi chizindikiro champhamvu chakuti chitetezo chatsika ndithu. Kuchipatala amapereka nystatin kapena mankhwala ena, ndipo zimatha. Vuto ndi lakuti zikatha anthu amaiwala, osafufuza chimene chinazibweretsa, kenako zimabweranso.

Zikabweranso zimatha kutsikira kummero. Apa munthu amamva kupweteka pachifuwa akamameza, ngati nsima yaima panjira. Amayamba wasiya nsima n'kumadya phala, kenako phala lomwe limakanika, mapeto ake ngakhale madzi. Tinaonapo bambo wina amene anaonda m'mwezi umodzi mpaka abale kuyamba kuitana achibale akutali, ena akuti ndi kaliwondewonde, ena akuti wadyetsedwa. Chonsecho chimene chinkamupha inali njala, pakhomo pali chimanga chodzaza nkhokwe. Atalandira mapiritsi a fluconazole anayamba kumeza m'masiku ochepa. Mapiritsiwa amamwedwa masabata awiri kapena kupitirira. Poyembekezera kuti pakhosi papole, wodwala apatsidwe zofewa ndi zosatentha kwambiri: phala la nsinjiro, nthochi yakupsa, mbatata kapena maungu opota, mazira. Tsabola, mandimu ndi zotsekemera kwambiri ayambe wazisiya.

Pakamwa pomwepa tionjezepo mawu amodzi. Masiku ano kuli zipangizo zodziyezera wekha HIV zimene umangopukuta nazo m'nkhama. Ena ataziona anayamba kunena kuti ndiye kuti kachirombo kamafala m'malovu. Ayi. Chipangizocho sichifufuza kachirombo, chimafufuza zida zija asilikali amapanga akakumana ndi HIV. N'chifukwa chakenso munthu amene wangotenga kumene kachirombo amatha kuoneka ngati alibe kwa masabata angapo, nthawi zina mpaka miyezi itatu, asilikali asanapange zida zokwanira kuoneka. Chipangizochi chikasonyeza kuti muli nako, zotsatirazo zikatsimikizidwe kuchipatala.

Chitetezo chimabwerera

Ambiri a ife amene tikugwira ntchitoyi lero tinali tiana, ena tisanabadwe, pamene matendawa ankatha anthu m'midzi. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika m'chaka cha 1985, ndipo ma ARV aulere m'zipatala za boma anayamba mu 2004. Akuluakulu amene tinawapeza pantchito amatiuza kuti zaka za pakatipo, munthu akaona zoyera m'kamwa ankangoyamba kugawa katundu wake. Mantha amene mayi wa mpango uja anali nawo anachokera m'zaka zimenezo. Ngakhale ma ARV atabwera, poyamba munthu ankayembekezera kuti adwale kwambiri kapena CD4 itsike pansi pa 200 kuti ayambe kulandira. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo, ndipo kuyambira mu 2019 ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, piritsi limodzi patsiku.

Ma ARV sapha fangasi ya m'kamwa kapena nthata za mphere. Ntchito yawo ndi kuletsa kachirombo ka HIV kuswana, kuti maselo a CD4 apeze mpata wochulukanso n'kuyambiranso kudzutsa anzawo. N'chifukwa chake masiku ano achipatala amayang'ana kwambiri kuchuluka kwa tizirombo m'magazi, kumene amayeza pakatha miyezi 6 munthu atayamba mankhwala, kenako chaka ndi chaka. Tizirombo tikachepa mpaka kusaoneka pamakina, chitetezo chimakwera, ndipo munthuyo sapatsira mnzake kachirombo pogonana. M'miyezi yoyambirira ya mankhwala, ena amadabwa kuona mashingozi kapena nsungu zikutuluka pamene amayembekezera kuchira. Kawirikawiri amakhala asilikali amene adzuka n'kupeza adani m'nyumba. Musasiye ma ARV pa chifukwa chimenechi, kaoneni achipatala.

Anthu amene timawapeza ndi zoyera kummero kapena mabanga a Kaposi masiku ano ali m'magulu awiri. Ena sanayezetsepo, ndipo ambiri mwa iwo ndi abambo. Ena anayamba mankhwala, anapeza bwino, n'kusiya: anapita kukagwira ntchito kunyanja kapena ku Joni, kapena anakwatiwa kwina n'kuopa kuti mwamuna watsopano aona botolo, kapena wina anawauza kuti achira. Khungu likayambanso kuvuta amachita manyazi kubwerera kukiliniki poopa kukalipiridwa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Bwererani ndi buku lanu la kuchipatala, ngakhale patatha zaka. Amene wabwerera atadwala amamuyeza CD4, ndipo ikapezeka pansi pa 200 amamuyezanso mkodzo kufufuza chifuwa chachikulu, ndi magazi kufufuza fangasi imene imayambitsa matenda oumitsa khosi, kuti zimenezi zigwidwe zisanamugwetse.

Mayi wa mpango uja amabwerabe kusikelo ndi mwana wake wamng'ono, amene anabadwa wopanda kachirombo. Chipsera chili pachipumi ndipo sachiphimbanso. Mwezi watha anatibweretsera mlamu wake amene anamva kuotcha m'nthiti kwa masiku awiri, matuza atangoyamba kutuluka m'mawa wa tsiku lomwelo. Tinamulembera kalata, ndipo dzuwa lisanalowe anali atamwa piritsi loyamba la aciclovir.